Chithunzi cha Ada Chimene Ndinayanika Padzuwa

Ntchito yojambula ndinaiphunzirira pamchenga wa ku Kande, ndipo ndinaiphunzira mothamanga. Alendo obwera kumalo ogona a m'mbali mwa nyanja sakhalitsa. Afika lero, mawa asambira, mkuja galimoto yawo yanyamuka. Ukafuna kuti agule chithunzi chako uyenera kuchijambula m'mawa, chiume masana, n'kuchikulunga asanakwere. Penti ya madzi imalola zimenezo. Umapaka, umapita kukamwa madzi, pobwera yauma kale. Kwa zaka khumi ndi zingapo ndinajambula mabwato, amayi osenza mitsuko ndi njovu zimene sindinazionepo ndi maso anga, ndipo ndinkadziyesa katswiri.

Bambo anga, amene kwathu timawaitana kuti ada, sankazinyoza ndi pakamwa zithunzi zangazo. Ankangochigwira chithunzi pakona, n'kuchitembenuza kuti aone kumbuyo, n'kundibwezera. Kumbuyo! Munthu wajambula njovu yathunthu ndi minyanga yomwe, iwo ali kalikiliki kuyang'ana mmene wakhomera nsalu pathabwa. Zinkandipsetsa mtima, ndipo iwo ankadziwa kuti zikundipsetsa mtima.

Anali ndi chifukwa chawo. Monga amuna ambiri a kwathu, ada anakakhala ku Joni zaka pafupifupi makumi atatu, koma iwo sanalowe mumgodi kapena m'hotela. Anagwira ntchito m'nyumba ya mzungu wina wojambula nkhope za anthu ndi penti ya mafuta. Ntchito yawo inali kukoka nsalu pa mafelemu, kuipaka zoyera zoyambira, kutsuka maburashi, kufinya penti pathabwa m'mawa uliwonse mtundu ndi mtundu pamalo pake, kenako kuimirira kumbuyo n'kumaonerera. Bwanayo atamwalira, ana ake anawapatsa ada bokosi lamatabwa lokhala ndi machubu a penti, maburashi, botolo la mafuta osakanizira ndi kachidutswa ka nsalu yeniyeni yojambulapo. Anabwera nalo kumudzi pamodzi ndi masuti awiri, ndipo linakalowa pansi pa bedi. Kamodzi pachaka ankalitulutsa, kulipukuta fumbi, kudina chubu chilichonse ndi chala kuti amve ngati chikadali chofewa, n'kulibwezera pomwepo. Pa zaka zonsezo, ku Joni ndi kuno komwe, sanajambulepo ngakhale tsamba la mango.

Ndinawapemphapo bokosilo kawiri. Koyamba anati ndikadali mwana. Kachiwiri, ndili ndi mkazi ndi ana awiri, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti penti imeneyo si ya anthu othamangira basi. Sindinapemphenso.

Chaka chimene ndikunenachi anayamba kutsamwa ndi chakudya Khirisimasi isanafike. Poyamba inali nsomba, kenako kondowole, kenako ndi phala lomwe linayamba kuvuta kutsika. Mu Januwale tinakwera nawo kuchipatala chachikulu kumtunda. Madokotala anapeza chotupa kummero, anatiuza zoona zake osatibisira, anatipatsa mankhwala ochepetsa ululu n'kunena kuti tibwerere nawo kunyumba. Tinabwerera pa minibasi, kudutsa m'minda ya mitengo ya labala. Titangofika, asanavule ndi nsapato zomwe, ada anauza mayi anga, ama, kuti atulutse bokosi pansi pa bedi.

"Undijambule," anatero akundiyang'ana. "Ndi penti iyi. Ndikufuna ndione chithunzi chimodzi chotuluka m'bokosi muno chitatha, chogwiridwa bwino, ndisanapite."

Ama anayamba kulira, akuti zithunzi zilipo kale pafoni, chovutitsira thupi n'chiyani. Ada anati pa zithunzi zapafonizo amaoneka ngati munthu amene wagwidwa ndi nkhuku ya eni ake. Tinaseka tonse atatu, ama akupukuta m'maso ndi chitenje. Komatu sananame. Kamera ikawaloza ankatong'ola maso n'kuumitsa khosi.

Ine ndinkaganiza kuti tiyamba mawa lake. Tinayamba patapita masiku asanu ndi anayi.

Felemu yoyamba imene kalipentala wa pamsika anatipangira ada anaikana, akuti kona imodzi yapendama. Nsalu inali yokwanira chithunzi chimodzi chokha, choncho anakokera mpando wawo pafupi nane kuti ndisaiwononge. Msomali woyamba pakati pa mbali imodzi, wachiwiri pakati pa mbali yoyang'anana nayo, n'kumakoka pang'onopang'ono kupita kumakona, mpaka ukaigogoda ndi chala imveke ngati ng'oma. Zoyera zoyambira ndinapaka katatu, mopyapyala, ndikukwecha ndi sandipepa pakati pake. Machubu ena zitsekero zinali zitagwira, ndipo nditatenga pulayala anandiletsa ndi dzanja. Anati ndiviike mutu wa chubu m'madzi otentha, chitseguka chokha. Chinatsegukadi, ndipo fungo limene linatuluka linawachititsa kutseka maso kanthawi. Sindinawafunse kumene maganizo awo anapita.

Tinkalankhula Chitonga monga mwa masiku onse, koma akafika pa za penti ankasakaniza ndi Chizungu cha ku Joni, ndipo mawu awo ankasintha n'kukhala a munthu wa pantchito. Lamulo lalikulu anandiuza tsiku loyamba n'kumalibwereza mpaka linandikwana.

"Mpako woyamba ukhale wopyapyala, wosungunula ndi tapentaini, wopanda mafuta. Wachiwiri uonjeze mafuta pang'ono. Womaliza ndiye wa mafuta ambiri. Ndipo usapake pamwamba pansi pasanaume. Penti iyi ili ngati phala, pamwamba pamagwira msanga m'kati mukadali mofewa. Ukaika youma msanga pamwamba pa yofewa, yapansiyo imapitiriza kuyenda, ndiye imang'amba yapamwamba. Wamva?"

"Ndamva, ada."

"Sunamve. Koma tiye."

Ankakhala pakhonde la mbali imene dzuwa silifika m'mawa, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, kuti kuwala kuzigwera tsaya limodzi. Anakana kujambulidwa ndi malaya a m'nyumba. Anavala jekete yawo yakuda ya kutchalitchi ndi taye yofiirira, poti anali mkulu wa mpingo, ndiponso Mtonga salola kuonekera kugulu ngati akuchokera kodikira usipa. Jeketeyo inali itawakulira kale. Ama ankaikoka kumsana n'kuipana ndi zopanira zovala ziwiri kuti kutsogolo ioneke yowakwana.

Tsiku loyamba ndinapaka nsalu yonse ndi penti yofiirira yamadzimadzi, n'kujambulapo mutu ndi mapewa, n'kudetsa pamene pali mthunzi. Ntchito ya ola limodzi. Nditafuna kupitiriza anati basi, tsuka maburashi. Kutsukako kunali mwambo pawokha: kupukuta pansanza, kuviika mu tapentaini, kutsuka ndi sopo wochapira m'chikhatho mpaka thovu lituluke loyera, kuwongola ubweya ndi zala, n'kuigoneka. Burashi yoimikidwa m'chitini ubweya uli pansi ankati ndi burashi yakufa. Nsanza zamafuta ndinkaziyanika imodziimodzi, osaziunjika, akuti mulu wa nsanza zoterozo umatentha wokha. Chithunzi ndinkachitsamiritsa kukhoma chitayang'ana kukhomako, n'kusiya mpata woti mpweya uzidutsa.

Kenako kudikira. Inali nyengo ya mvula, ndipo kwathu kuno mvula ikagwira mchere umasungunuka m'mbale, machesi amakana kuyaka. M'mawa uliwonse ndinkawalonjera, n'kubweretsa chithunzicho, iwo n'kuika kumbuyo kwa chala m'mphepete mwake. "Sinaume." Mawa lake chimodzimodzi. Ine ndinkangoyenda uku ndi uku pabwalo ngati nkhuku yofuna kuikira.

Pa mpako wachiwiri m'pamene ndinazindikira kuti ada ankadziwa zambiri kuposa kutsuka maburashi. Pofuna kusakaniza mtundu wa khungu ndinatambasulira dzanja kuchubu cha penti yakuda, monga ndinkachitira ndi amayi anga osenza mitsuko aja.

"Isiye imeneyo. Tayang'ana dzanja langa. Pali pakuda apa?"

Ndinayang'ana. Panali kufiirira kwa dothi, panali kufiira m'mizere ya zala, ndipo pamwamba pa mafupa, pamene kuwala kunkagwera, panali kubiriwira kwa kumwamba. Anandiuza machubu atatu oti ndisakanize, ndi kuchuluka kwake, osakayika ngakhale pang'ono. Ndinawafunsa ngati bwana uja ankajambulanso anthu akuda.

"Sanajambulepo ngakhale mmodzi. Ine ndinkaimirira kumbuyo kwake ndikuyang'ana dzanja langali, n'kumasakaniza m'mutu. Zaka zonse zija ndinkafuna kudziwa ngati zingatuluke."

Ndinasakaniza, n'kupaka pachipumi pa chithunzicho. Anawerama kuti aone, kenako anaseka kaphwete kochepa kamene kanathera m'chifuwa. Zinatuluka. Tsiku limenelo ndinapita kuseri kwa bafa kukalira, ndipo sindichita manyazi kunena.

Vuto linali lakuti penti inkayenda pang'onopang'ono, matenda akuthamanga. Nkhope imene ndinajambula sabata yoyamba sinalinso imene inkakhala patsogolo panga sabata yachinayi. Masaya analowa, makutu anaoneka ngati akula, zopanira kumsana zinafika zinayi. Ndinawafunsa kuti ndijambule nkhope iti. Ama, amene ankasenda chinangwa chapafupi, anayankha msanga kuti yakale. Ada anati ndijambule imene ndikuiona, popeza yakaleyo ndikhala ndikungopeka. Anakangana mpaka ama anataya mpeni m'beseni. Ine ndinadutsa pakati: mafupa ndinatenga a tsikulo, koma masaya ndinawaonjezera pang'ono, ndipo ada anachita ngati sanaone.

Mpako wachiwiri utangotha, kunabwera nkhungu, touluka tating'ono tija timatuluka m'nyanja ngati utsi. Chithunzi ndinali nditachisiya pakhonde kuti chipitidwe mpweya, ine n'kupita pamsika kukafuna mkaka woti mwina ada angameze. Pobwera ndinapeza amayi a m'mudzi akuzunguza malichero m'mwamba, akukondwera kuti ndiwo zabwera zokha, ndipo nkhope ya ada pachithunzipo inali mbuu, mazanamazana a tinkhungu titamatirira pa penti yaiwisi. Ndinatukwana mawu amene mwana wa mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa. Ndinatenga singano kuti ndiyambe kutitola.

"Usakhudze," anatero ada ali pampando. "Ukatola pano ukumba maenje. Isiye iume nato, tidzagwa tokha ndi nsanza."

Anali olondola, monga mwa chizolowezi chawo chotopetsa chija. Koma kuumako kunadya masiku asanu ndi awiri, ndipo m'masiku amenewo ada anasiya kuyenda okha kupita pakhonde. Tinkachita kuwagwira uku ndi uku, ine ndi ama.

Jekete ndi taye tinazimaliza bwinobwino, mpako ndi mpako, iwo akuyang'anira. Nkhope inatsalira chifukwa ndiyo yofuna penti yoyera yambiri pamene pakuwala, ndipo yoyera ndiyo yochedwa kuuma kuposa zonse. Chapakati pa Malichi ndinapaka mpako wachitatu pankhope, wokhuthala, wa mafuta ambiri. Tsiku limenelo anakhala pampando mphindi zosakwana makumi awiri, mutu ukulendewera. Kunatsala maso, milomo ndi makwinya, zinthu zimene zimasandutsa nkhope kukhala ya munthu wakutiwakuti. Pachithunzipo panali mwamuna wovala bwino, wamaso achimbuuzi, amene akanatha kukhala wina aliyense.

Titawagoneka anandikodola.

"Masabata awiri. Usachikhudze masabata awiri. Kenako maso. Vanishi ndi pakapita miyezi isanu ndi umodzi, kapena chaka. Imeneyo udzapaka wekha, ine sindidzaiona, ndipo zilibe kanthu. Ine ndikufuna maso basi."

Sanadzukenso kupita pakhonde. Patapita masiku atatu kunafika ankhazi, mlongo wawo wa ada, amene anayenda pa boti kuchokera ku Usisya. Analowa m'chipinda, anakhalamo pang'ono, potuluka anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti ndiimbire abale anga a ku Joni ayambe ulendo. Ankhazi asamalira odwala ambiri pamoyo wawo. Ndinawafunsa kuti akuona masiku angati, ndipo anati sabata ikatha tithokoze Mulungu.

Mawa lake kunacha dzuwa, loyamba patapita masiku ambiri a mitambo. Mudzi wonse unatulutsa zinthu panja. Chinangwa chovuula, usipa, mphasa, mabulangete, nsapato za kutchalitchi zochita chuku, zonse zinali padzuwa. Kwathu kuno chinthu chikanyowa timachiyanika, ndipo ndi mmene takhalira chibadwire. Ada anali atandiuza kuti penti ya mafuta siuma ngati malaya, imauma ndi mpweya, mwakachetechete, kuchokera kunja kulowa m'kati, ndipo dzuwa limangoipusitsa pamwamba. Ndinkadziwa. Sindinganame kuti ndinaiwala. Ndinanyamula chithunzicho, n'kuzungulira nacho kumbuyo kumene zenera la ada silionako, n'kuchigoneka chagada pathandala la ama, pakati pa chinangwa.

Masiku awiri padzuwa, pamwamba panagwira. Ndikaika chala sipankamata. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kujambula maso, milomo ndi makwinya, ndikulowa m'chipinda kukawasuzumira akugona n'kubwerera kudzapaka. Pentiyo ndinaisungunula ndi tapentaini yekha, osadonthezamo mafuta, kuti iume msanga. Ndiye kuti youma msanga pamwamba pa yofewa, ndendende chimene anandiletsa tsiku loyamba. Ndinachibwezeranso pathandala. Chitauma chinaoneka chotuwa, mitundu itazilala, ndipo mtima wanga sunalole kuti ada achione chotero. Ndinapita kwa kalipentala uja n'kupempha vanishi wa mipando m'kabotolo. Nditapaka, nkhope inadzuka. Anali ada enieni, akundiyang'ana ndi diso lawo lija lofufuza zolakwa.

Kunena zoona, chinali chithunzi chabwino koposa zonse zimene ndinajambulapo, ndipo sindinajambulenso china chofanana nacho.

Ndinalowa nacho m'chipinda tsiku lachisanu ndi chinayi la masabata awiri aja. Ama anawadzutsa n'kuwatsamiritsa pamapilo, ankhazi anatsegula zenera. Ada anayang'ana nthawi yaitali. Anandikodola kuti ndichisendeze pafupi, ndipo ndinaona mphuno zawo zikukoka fungo. Anakweza dzanja, n'kuika kumbuyo kwa chala m'mphepete, kenako n'kudina pang'ono ndi chala chachikulu patsaya, pamene penti inali yokhuthala. Chalacho chinakhalitsa pamenepo. 

"Lero ndi lachingati?" anafunsa. Mawu anali atatsala onong'ona okha.

Ndinawauza. Anatseka maso kanthawi, n'kutsegulanso.

"Maso wawapeza," anatero. "Ndi ine ameneyu. Yewu, mwana wangu."

Atandithokoza chotero m'Chitonga, anati tichipachike pakhoma loyang'anana ndi bedi. Ine ndinatuluka ndikudziuza kuti matenda awafooketsa mphuno ndi zala, sanazindikire kanthu. Munthu akafuna kudzinamiza savutika kupeza umboni.

Ankhazi anaphonya. Ada anakhala masiku makumi awiri kuchokera tsiku lija anati masabata awiri. Masiku amenewo ndawawerengera kambirimbiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Pa tsiku la khumi ndi chinayi ankatsegulabe maso, koma ngati ankaona kapena ayi, palibe angandiuze. Ndikanadikira, mwina ndikanawabweretsera chithunzi chogwiridwa bwino iwo akutha kuchizindikira. Mwinanso ndikanachibweretsa kwa munthu amene sakudziwanso ndi dzina lake lomwe. Funso limeneli silinandisiye, ndipo ndasiya kuyembekeza kuti lidzandisiya.

Pamaliro chithunzicho anachiimika pampando pafupi ndi bokosi la maliro. Anthu ankaima n'kugwira pakamwa. Akuluakulu a mpingo anandigwira chanza, abale anga a ku Joni anachijambula pamafoni awo, amayi ena ankati akuopa kudutsa kutsogolo kwake, angawafunse chifukwa chimene sanabwerere kumapemphero. Ine ndinkalandira mayamikowo ndi manja awiri ngati munthu wosalakwa.

Anthu atabalalika ama anachipachika m'chipinda chochezera, ndipo anayamba khalidwe limene linatidetsa nkhawa. M'mawa akasesa, ankakoka mpando n'kukhala kutsogolo kwa chithunzicho, manja ali pamiyendo. Sankalira, sankalankhula nacho. Ankangoyang'ana, ola limodzi, nthawi zina mpaka dzuwa kufika pamutu. Chinangwa chinkakhalitsa m'madzi mpaka kuwola. Mlongo wanga wa ku Mzuzu anabwera kudzawatenga kuti akapumeko miyezi iwiri, ama anakana kwamtuwagalu. Anzawo a kumpingo anabwera kudzawapempherera. Ine ndemwe ndinawalankhulapo mwaukali tsiku lina, kuti munthu sangadye chithunzi, atuluke akaone anthu. Anandiyankha kuti amva, mawa lake anakokanso mpando.

Mu Julaye, mwera ukuwomba, mkazi wanga ndiye anandiuza kuti patsaya la agogo pachithunzipo pachita makwinya achilendo. Ndinapita kukaona. Penti inali itakwinyika ngati khungu la pamkaka wowiritsa, pamalo pomwe ada anadina paja. Pofika Okutobala, kutentha kutafika pachimake, ming'alu inayamba pansi pa diso lamanzere n'kufalikira pachipumi ndi pamphuno, yopingasa ngati ya kuchidendene. Vanishi wa mipando uja anasanduka wachikasu. Mvula yoyamba itagwa, kachidutswa ka chikope kanatukuka n'kugwa. Jekete ndi taye zinali bwinobwino, zopanda mng'alu ngakhale umodzi. Nkhope yokha ndiyo inkachoka.

Ndinaganiza zokonza, koma pa penti yoteroyo palibe pogwira. Ukapaka pamwamba zimang'ambikanso, ukapala umapala ndi munthu yemwe. Zithunzi za pamafoni a abale anga zinatuluka zonyezimira ndi vanishi, nkhope yosaoneka bwino. Kunatsala chinthu chimodzi chokha choti ndichite, ndipo ndinazengereza mpaka Disembala.

Ndinawapeza ama ali pampando wawo uja. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, monga ndinkachitira ndili mwana ndikaswa mbale, n'kuwauza zonse: thandala, tapentaini, vanishi wa kalipentala. Ndinawauza kuti si nyengo kapena kukalamba kwa penti, ndine ndinachiwononga, ndikudziwa chimene ndikuchita, ndiponso kuti ndinawanamiza ada ali pabedi la imfa. Ndinkayembekeza kuti alira kapena andithamangitsa. Anangondimvetsera mpaka ndinatha.

"Pathandala ndinachiona," anatero. "Unkaganiza kuti chinangwa chija chinkadzitembenuza chokha?"

Kenako anapitiriza.

"Ndipo ada ako sunawanamize. Tsiku lomwelo, iwe utangotuluka, anandiitana. Anati mwana wachiyanika padzuwa n'kupaka vanishi wa mipando, sichiona mvula ziwiri. Ndinakwiya, ndinafuna kukuitana pomwepo. Anandigwira dzanja. Anati musiyeni, wachita mantha, wathamangira ine. Anati chimene ankafuna achiona."

Anayang'ana pakhoma.

"Kenako anandiuza kuti ndichiyang'ane kwambiri miyezi yoyambirira, chikadali chathunthu, ndisadikire kuti ndidzachiona bwino mtsogolo. Ndiye n'zimene ndinkachita apa. Inu mumati ndapenga. Ine ndinali pantchito. Tsopano ndamaliza, ndikatseka maso ndimawaona ndi kachipsera ka pachibwano komwe. Chigwe chonse ngati chikufuna."

Ndinayang'ana chithunzicho. Diso limodzi linali litapita, linalo linali kuseri kwa ming'alu. Ndinayesa kukumbukira mmene chinalili tsiku lija ndinalowa nacho m'chipinda, ndipo chimene chinabwera ndi chala cha ada patsaya, osati nkhope. Miyezi yonse ija chili chathunthu ndinkalowa m'nyumbamo maso ali pansi, ndikulonjera ama chammbali, ndikukhala pampando wofulatira khoma, chifukwa ndinkadziwa chimene ndinachita ndipo sindinkafuna kuti diso lija lindipeze.

"Nanga iwe," anafunsa ama, "unachiyang'ana mokwanira?"

Ndinati eya. Ndinanama.